Mapositikhadi akale a zigayo zamphepo za ku Netherlands: kuzindikira chigayo ndi zaka za khadi

Nangozo:
Moni nonse pagulu. Wogulitsa wina pa intaneti waika makhadi atatu a zigayo zamphepo za ku Netherlands, ndipo onse wawalemba kuti ndi a cha m'ma 1900. Loyamba lili ndi mawu akuti Hollandsche Molen (chigayo cha ku Holland) basi, popanda dzina la mudzi, ndipo kumbuyo kwake kulibe mzere wogawa pakati. Lachiwiri ndi lamitundu yowala, alemba Zaanse Schans. Lachitatu ndi la De Adriaan ku Haarlem, lili ndi sitampu ya Mfumukazi Juliana. Mtengo ndi umodzi. Kodi chaka chimenechi chikugwirizana ndi khadi liti? Nanga poyesa khadi mumayambira pati?

aMbewe:
Mayi Nangozo, pa atatuwo ndi loyamba lokha limene lingakhale la nthawi imeneyo. Yambirani kumbuyo kwa khadi, chithunzi muchione pambuyo pake. Ku Netherlands positi idayamba kulola mzere wogawa kumbuyo mu 1905. Chisanafike chaka chimenecho mbali yonseyo inali ya adiresi ndi sitampu basi, n'chifukwa chake makhadi a nthawiyo amasiya kampata koyera kutsogolo, m'munsi kapena m'mbali mwa chithunzi, poti munthu alembepo moni. Khadi lopanda mzere, lokhala ndi kampata kotero, lotalika masentimita 14 ndi 9 m'lifupi, likugwirizana ndi zaka zimene wogulitsayo wanena.

Lachiwirilo ayi. Zaanse Schans adaikonza kuyambira 1961 mpaka 1974, ponyamula nyumba zakale ndi zigayo za m'dera la Zaan n'kuziika pamodzi. De Zoeker, choyenga mafuta, adachisamutsira kumeneko mu 1968. Het Jonge Schaap, chocheka matabwa, adachimanga chatsopano mu 2007, pakuti choyambacho adachigwetsa ku Zaandam mu 1942. Zigayo zina zinalipo kale pamalopo, koma makhadi akale a m'deralo ankalemba Zaandam, Zaandijk kapena Zaanstreek.

Lachitatu ndiye likuphunzitsa bwino. De Adriaan chidapsa pa 23 Epulo 1932 ndipo chidamangidwanso mu 2002. Juliana adalowa ufumu mu 1948. Ndiye kuti chithunzicho adachijambula moto usanachitike, koma khadilo lidaponyedwa papositi chigayo kulibe. Khadi lililonse lili ndi zaka zitatu zoyenera kusiyanitsa: chaka chojambula chithunzi, chaka chosindikiza khadi, ndi chaka choliponya. Ogulitsa ambiri amatola chimodzi mwa zitatuzi, kawirikawiri chakale kwambiri, n'kuchilemba ngati ndicho chokhacho.

Nachisale:
Ndiwonjezerepo za kalembedwe. Adatchi adasintha kalembedwe kawo kusukulu mu 1934, ndipo lamulo lake lidakhazikika mu 1947. Mawu ngati Hollandsche ndi Zaansche adasanduka Hollandse ndi Zaanse. Choncho Zaanse pa khadi lachiwiri ndi umboni winanso wotsutsa 1900. Koma musautembenuze umboniwu. Kalembedwe kakale sikatsimikiza kuti khadi ndi lakale, chifukwa osindikiza ena adapitiriza kukagwiritsa ntchito, ndipo bungwe loteteza zigayo, De Hollandsche Molen, lomwe lidayamba mu 1923, likulembabe dzina lake motero mpaka lero.

Ngati pa adiresi ya wosindikiza kapena ya wolandira pali manambala anayi ndi zilembo ziwiri, khadilo ndi la 1978 kapena pambuyo pake.

aPhiri a ku Blantyre:
Achimwene a Mbewe, sindikugwirizana nanu kuti kumbuyo kopanda mzere n'kokwanira. Makhadi otengera akale alipo ambiri, ena adawasindikiza masitolo ndi mabungwe a mbiri ya m'midzi popanda cholinga chonamiza munthu, ndipo amatengera ndi kumbuyo komwe. Chofunika ndi kagalasi kokuza zinthu kakhumi.

Makhadi ambiri a 1900 mpaka cha m'ma 1920 adasindikizidwa m'njira yotchedwa lichtdruk. Pansi pa kagalasi simuona madontho a m'mizere, mumaona timakwinya tosalongosoka ngati tinyongolotsi, chifukwa inki inkagwira pa jelatini wokhwinyata. Khadi lolembedwa Echte foto ndi chithunzi chenicheni chotsukidwa pa pepala lojambulira. Limenelo lilibe madontho ngakhale pang'ono, ndipo likakalamba malo akuda a m'mphepete amanyezimira ngati siliva mukalipendeketsa. Mukaona madontho a mitundu inayi opanga timaluwa tobwerezabwereza, amenewo ndi makina a offset, ndipo pa chithunzi chooneka cha 1900 ndi chizindikiro chakuti ndi lotengera. Timadontho tomwazikana mwachisawawa ndi ta printa ya pa kompyuta.

Mitundu ya pa makhadi akale ankaipaka pamwamba pa chithunzi chakuda ndi choyera, ndiye kawirikawiri imasefukira pang'ono kunja kwa mzere wa denga kapena wa phiko. Kusefukirako si chilema.

Muyeso wina ndi tochi ya UV. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mapepala ambiri amathiridwa mankhwala oyeretsa amene amawala mwabuluu mumdima mukawaunika. Pepala la 1903 siliwala motero. Likawala, nkhani yatha. Likapanda kuwala, mwangodutsa muyeso umodzi, poti mapepala ena atsopano alibe mankhwalawo.

aMbewe:
Zoona a Phiri, kumbuyo kumangochotsa makhadi osayenera, sikutsimikiza otsalawo. Khadi likakhala kuti lidayenda papositi ndiye mumapeza mboni yachiwiri. Zidindo za positi ya ku Netherlands zidasintha maonekedwe motsatana. Kachidindo kakang'ono kozungulira, kleinrond, kadayamba mu 1877. Chachikulupo, grootrond, chidabwera cha mu 1895. Mu 1906 kudabwera langebalk, chokhala ndi mpiringidzo wa deti wodutsa chidindo chonse, kenako kortebalk mu 1915, chimene mpiringidzo wake umathera mkati. Chaka chikafufutika, mtundu wa chidindo umakuuzani kuti khadi silidaponyedwe chisanafike chaka chakuti. Maofesi a m'midzi ankapitiriza ndi chidindo chakale kwa zaka ndithu, ndiye malire a kutsogolo musawalimbitse.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 khadi la m'dziko momwemo linkalipira masenti 2½, lopita kunja masenti 5. Mukaona sitampu ya senti imodzi, ndipo mawu akuti Briefkaart awakhwatcha n'kulemba Drukwerk, musaganize kuti wina waononga khadi. Wotumizayo ankalipira mtengo wotsika wa zosindikizidwa, umene unkaloledwa ngati sadalembe uthenga wautali.

Nangozo:
Zikomo kwambiri. Ndiye latsala loyambalo. Koma lilibe dzina la malo. Kodi khadi lotere lili ndi phindu lanji kwa wosonkhanitsa?

Gogo Kalua:
Mwanawe, lopanda dzina limagulitsidwa motchipa, m'mabokosi a yuro imodzi kapena ziwiri, chifukwa ogula ambiri ku Netherlands amasonkhanitsa potsata mudzi wawo. Koma ntchito yokoma ya masewerawa ili pomwepo. Pakati pa zaka za m'ma 1800 dzikolo linali ndi zigayo pafupifupi 10,000, lero zatsala pafupifupi 1,200. Makina a nthunzi, kenako a dizilo ndi magetsi, adazilanda ntchito. Choncho khadi la 1903 lingakhale likuonetsa chigayo chimene kulibenso, ndipo mwina zithunzi zake zotsala n'zowerengeka. Kulipezera dzina ndi kumene kumalikweza.

Yambani ndi thupi la chigayo. Standerdmolen ndi bokosi lalikulu lamatabwa lokhala pa mzati umodzi, lonse limatembenuka kutsata mphepo, ndipo kumbuyo kuli makwerero aatali. Zotere zimapezeka kwambiri kumwera ndi kummawa, ku Noord-Brabant, Limburg, Gelderland ndi Zeeland. Wipmolen imafanana nayo, koma kanyumba kapamwamba n'kakang'ono ndipo kamakhala pa tsinde losongoka la mbali zinayi. Zambiri mwa izi n'zochotsa madzi m'minda ya ku Zuid-Holland ndi Utrecht. Spinnenkop ndi mng'ono wake wa wipmolen, kwawo makamaka ku Friesland. Paltrok n'chocheka matabwa, chotambalala m'munsi, chotseguka mbali imodzi, chimazungulira chonse pa mawilo, ndipo zotsala ndi zisanu zokha m'dziko lonse. Paltrok pa khadi lakale kawirikawiri imakulozerani ku Zaan kapena ku Amsterdam.

Pa zigayo zimene mutu wokha ndiwo umatembenuka, onani kumene mapiko akufika. Akamatsala pang'ono kukhudza pansi ndi grondzeiler, ya pamtetete popanda chotchinga mphepo. Chikakhala chachitali chokhala ndi khonde lamatabwa lozungulira pakati ndi stellingmolen, yomangidwa kuti ipitirire nyumba ndi mitengo. Zazitali kwambiri zili ku Schiedam, kumene ankapera chimera cha mowa wa jenever, ndipo De Noord ya kumeneko imapitirira pang'ono mamita 33. Chikakhala pa chulu chochita kuunjika, chokhala ndi chipata cholowera ngolo m'munsi, ndi beltmolen, ya kumadera a mchenga kummawa ndi kumwera.

Kenako onani kumbuyo kwa mutu. Ngati pali mitengo yotsika kuchokera kumutu mpaka pansi kapena pakhonde, mutuwo amautembenuzira panja. Ngati palibe, ndipo mutu ndi waukulu, wonenepa, amautembenuzira mkati. Zotembenuzira mkati zofoleredwa ndi bango ndi za ku Noord-Holland makamaka, monga za ku Schermer. Ndi zinthu zitatuzi, thupi, kutalika ndi mutu, mwachotsa kale zigawo zambiri za dziko.

Nachisale:
Gogo afotokoza bwino. Pa Kinderdijk, malo otchuka a zigayo 19 zochotsa madzi ku Zuid-Holland, poti makhadi ake ndi ochuluka ndipo ambiri salemba kuti ndi chigayo chiti: zisanu ndi zitatu za Nederwaard, za 1738, n'zozungulira, zanjerwa. Zisanu ndi zitatu za Overwaard, za 1740, n'za mbali zisanu ndi zitatu, zofoleredwa ndi bango thupi lonse. Ziwiri ndi za Nieuw-Lekkerland, ndipo wipmolen ndi imodzi yokha, De Blokker. Mukadziwa kuti ndi mzere uti, wa Nederwaard kapena wa Overwaard, umene uli kumanja kwa chithunzi mumadziwa kumene wojambula adaima.

aBanda:
Pali chinthu chimene chimasokoneza anthu poyerekeza khadi ndi mapu: chithunzi chotembenuzidwa. Osindikiza nthawi zina ankaika galasi la chithunzi chagada, zamanja n'kupita kumanzere. Zigayo zimaulula zimenezi mosavuta. Mukaima kutsogolo kwa chigayo cha ku Netherlands, mapiko amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Timatabwa tolukana tomangirapo nsalu timakhala kumbuyo kwa mtanda wa phiko potsata kayendedwe kake. Ndiye pa phiko loloza kumwamba timatabwato tili kumanja kwa mtanda, pa loloza pansi tili kumanzere. Mukaona zosemphana, yambani mwatsimikiza kuti simukuchiona chakumbuyo. Ngati thupi la chigayo likubisa pakati pamene mapiko akumana, muli kumbuyo, ndipo zonse zili bwino. Ngati pakatipo pakuoneka poyera koma timatabwa tili mbali yolakwika, chithunzi adachitembenuza. Chijambuleni, muchitembenuze pa kompyuta, kenako muyerekeze nsanja ya tchalitchi ndi mlatho.

Mapiko amathandizanso pa zaka. Akale ali ndi matabwa athyathyathya kutsogolo kwa mtanda. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kudabwera mapiko a Dekker, okutidwa ndi chitsulo chopyapyala chopindika kutsogolo ngati phiko la ndege, ndipo pa chithunzi amaoneka onenepa, owala. M'zaka za m'ma 1930 kudabwera a Van Bussel. Mapiko otchedwa fok, a Fauël, okhala ndi thabwa lopindika losiya mpata pakati pake ndi mtanda, adafala nkhondo yachiwiri itatha. Khadi loonetsa Dekker silingakhale la 1910, kaya wogulitsa anene zotani.

Nangozo:
A Banda, pa khadi loyambalo mapiko aima mopingasa ngati X ndipo alibe nsalu. Zili ndi tanthauzo?

aBanda:
Eya mayi. Kuima ngati X kumasonyeza kupuma kwa nthawi yaitali, monga chigayo chochotsa madzi m'nyengo yopanda ntchito. Kuima ngati mtanda woongoka (+) ndi kupuma kwa kanthawi. Phiko lapamwamba likaima litatsala pang'ono kufika pachimake ndi chimwemwe, monga ukwati kapena kubadwa kwa mwana, ndipo likaima litangopitirira ndi maliro. Izi zimasiyana m'madera ena, ndiye musalembe "maliro" m'kaundula wanu musanadziwe dera. Khadi la chigayo chokongoletsedwa ndi mbendera ndi zolendewera m'mapiko, monga ankachitira ku Zaan pa ukwati, limafunidwa kwambiri kuposa wamba.

aMbewe:
Mukapeza mtundu ndi dera, pitani ku Molendatabase, mndandanda wa zigayo wa pa intaneti. Ili pawiri: ya zigayo zimene zilipo ndi ya zimene zidatha. Chigayo chilichonse chili ndi nambala yotchedwa Ten Bruggencate, ndipo ndiyo muyenera kulemba m'kaundula, osati dzina lokha. Mayina amabwerezedwa kwambiri. De Hoop alipo ochuluka, Windlust ndi Nooit Gedacht chimodzimodzi. De Noord ya ku Schiedam ilipo mpaka lero, koma De Noord ya pa Oostplein ku Rotterdam, imene idapulumuka mabomba a 1940, idapsa mu 1954. Ogulitsa amasakaniza ziwirizi.

Poyerekeza, werengani mawindo ndi malo ake, mizati yochirikiza khonde, ndi thabwa lokongoletsedwa la pansi pa mutu, limene nthawi zambiri limakhala ndi chaka kapena dzina. Sikanani khadi pa 1200 dpi (timadontho pa inchi imodzi) kuti muwerenge thabwalo. Pa lichtdruk ndi pa chithunzi chenicheni zilembo zimatuluka, pa la madontho zimamwazika. Tsamba la pa intaneti la Topotijdreis lili ndi mapu akale a chaka ndi chaka, ndipo mungaone chaka chimene chizindikiro cha chigayo chidachoka pamapu, ngakhale mapu ankachedwa kukonzedwa. Tsamba la Delpher lili ndi nyuzipepala zakale, mmene nkhani za moto ndi zogwetsa zigayo zimapezeka.

Dzina la wosindikiza lili pambuyo pa mawu akuti Uitg. kapena Uitgave. Mayina ngati Dr. Trenkler Co. a ku Leipzig, Nauta a ku Velsen, Weenenk & Snel a ku Den Haag kapena JosPé a ku Arnhem ankagulitsa dziko lonse, ndiye sakuuzani malo. Koma likakhala dzina la sitolo ya mabuku ya m'kamudzi, chigayocho kawirikawiri chili pafupi ndi kamudziko.

Nachisale:
Chenjeraninso ndi mawu akuti Dutch Windmill pa makhadi a Chingerezi. Ambiri ndi a ku Golden Gate Park ku San Francisco, chigayo cha 1903. Olembedwa Holland, Mich. ndi a ku America, ngakhale chigayo chake, De Zwaan, n'chochokeradi ku Netherlands, adachinyamula mu 1964. Abale a ku Cape Town amadziwa Mostert's Mill ya 1796, imene idapsa ndi moto wa mu Epulo 2021. Makhadi ake ndi abwino, koma aikeni pagawo lawolawo.

aPhiri a ku Blantyre:
Tikambeko za kasungidwe, chifukwa kwathu kuno dzinja limaononga mapepala msanga. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimayamba, ndipo chimakonda jelatini wa makhadi a Echte foto. Madontho ofiirira a pa pepala nawonso amachuluka ndi chinyezi. Cholinga chikhale pakati pa 35 ndi 50 peresenti.

Khadi lililonse lilowe m'kathumba kake ka polypropylene kapena polyester. Mapulasitiki a PVC, ofewa aja onunkha, amatulutsa mafuta amene amamata pa chithunzi n'kukoka inki. Ma alubamu okhala ndi masamba omata ndi oipa kuposa pamenepo, guluu wake amasiya mizere yachikasu kumbuyo. Imikani makhadi chilili m'bokosi lotseka bwino, osathinana, osapendekeka. Ikanimo silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndi kachipangizo koyeza chinyezi. Kuti mudziwe ngati kachipangizoko kakunena zoona, katsekereni m'botolo limodzi ndi kachivundikiro ka mchere wonyowetsedwa pang'ono kwa maola 12 kapena kuposa. Kayenera kuonetsa 75 peresenti. Silica gel ikakhuta madzi iumitseni mu uvuni pa madigiri 100 mpaka 120 kwa maola awiri kapena atatu. Musathire yambiri, chifukwa pansi pa 30 peresenti makhadi a chithunzi chenicheni amapindika, jelatini amakokana kuposa pepala.

Bokosi lisakhale pansi kapena kutsamira khoma lakunja, chifukwa cha chiswe ndi chinyontho. Lisakhalenso pafupi ndi denga lamalata. Mphemvu ndi tizilombo tasiliva tija timadya guluu wa sitampu ndi pamwamba pa chithunzi.

Gogo Kalua:
Mulu watsopano usalowe m'bokosi tsiku lomwelo. Ngati muli zizindikiro za tizilombo, utsekereni m'thumba lapulasitiki, mutulutse mpweya, muuike mufiriza wa madigiri 18 pansi pa ziro kwa masabata awiri. Potulutsa musatsegule thumba mpaka tsiku lathunthu litadutsa, kuti madzi a chinyontho asonkhane kunja kwa thumba, osati pa makhadi. Kumene magetsi amathimathima njirayi siyodalirika, poti kusungunuka ndi kuundananso kumanyowetsa pepala. Kumeneko ndi bwino kungowapatula m'bokosi lawolawo mwezi umodzi n'kumawayang'ana.

aBanda:
Gogo, nanga kuyeretsa? Ena amafufuta litsiro ndi labala, ndipo khadi limaoneka bwino.

Gogo Kalua:
Labala woyera wofewa, pa malo opanda zolemba kumbuyo kokha, mopepuka, kuchokera pakati kupita kumphepete kuti kona isapindike. Kutsogolo ayi. Lichtdruk imachoka ndi labala, ndipo kunyezimira kwa siliva mukakupukuta kumasiya zikande zosatha. Fumbi lichotsedwe ndi burashi yofewa youma. Madzi, simbi, selotepi ndi makina omatira pulasitiki zisayandikire. Khadi likang'ambika lisiyeni m'kathumba momwemo. Mapepala akuda a alubamu yakale omatirira kumbuyo asiyeni, kuwasenda kumachotsa khungu la khadi pamodzi ndi chidindo. Ndipo sitampu isamatulidwe, chifukwa ndi umboni wa chaka. Zolemba zanu zikhale pa kapepala kapadera, kapena ndi pensulo yofewa ya 2B pakona ya kumbuyo. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo.

aPhiri a ku Blantyre:
Ine ndimaona kuti khadi losayenda papositi, loyera, la makona akuthwa, ndilo loyenera kugula ngati mtengo uli umodzi.

aMbewe:
Pa Kinderdijk kapena De Valk ya ku Leiden, kumene makhadi ndi mbwee, ndikuvomera a Phiri, sankhani loyera. Pa chigayo chimene chidatha, loyenda papositi limaposa. Chidindo chimatchula ofesi ndi tsiku, ndipo pa khadi lopanda dzina ofesiyo ingakhale chokhacho chokulozerani dera. Kona yopindika sichotsa umboni umenewo.

Nangozo:
Ndamva. Ndiye ndimufunse chiyani wogulitsayo ndisanalipire?

Nachisale:
Atumize sikani ya mbali zonse ziwiri pa 600 dpi, yoonetsa m'mphepete monse pa pepala lakuda. Ayeze khadi ndi rula: likakhala lochepera masentimita 14 ndi 9 ndi mamilimita atatu kapena anayi, mwina wina adalidula m'mbali pobisa zoperepeseka. Alipendeketse pa kuwala kuti mikwingwirima yopindika ioneke, chifukwa sikani imaibisa. Potumiza aliike m'kathumba, pakati pa makatoni awiri olimba okulirapo kuposa khadi, selotepi igwire makatoni okha, ndipo zonsezo zilowe m'thumba lapulasitiki envulopu isanamatidwe. Mukalandira sikaniyo muike pano mbali ya mutu wa chigayo ndi ya kumbuyo kwa khadi, a Banda ayang'ane mapiko, Gogo ayang'ane thupi.